Mtedza wa Pangodya

Lolemba
Zaka zapitazo, ndikuphunzira ntchito ku Chitedze, ndinkathandiza mayi wina Myuda woyeza nthaka. Anandiuza limodzi mwa malamulo awo: pokolola usamalize munda, ngodya ndi ya osauka. Adzitengere okha, osapempha, osathokoza. Nditafunsa chifukwa anangoti, "Yambani mwachita, mudzamvetsa pambuyo." Lero tikukumba mtedza, ndiye ndikuyesa. Mizere yakungodya ndaisiya. Ndi ya a Nachisale, amayi amasiye amene amakunkha m'munda mwathu chaka chilichonse.

Lachiwiri
Amayi anga: "Sukulu yonse ija inali yophunzira kuiwala mizere?" Ndafotokoza. Iwo: "Kwa Ayudako mbewa kulibe?" Izi sindinafunse.

Lachitatu
Aganyu atsala pang'ono kukumba ngodyayo. Ndazika timitengo, ndamangirira kansanza kofiira. Pakuoneka bwino!

Lachinayi
A Nachisale sanabwere. Okunkha ena onsenso ayi. Amene abwera:
mbuzi za amalume,
akhwangwala,
mbewa, monga ananenera amayi.

Lachisanu
Ku Nsaru, wogulitsa sopo akunditsitsira mawu: "Akuti mwatsirika munda, eti? Wotolamo atupa mimba?" Wina akuti ndi mankhwala a ku yunivesite, oopsa kuposa akuno. Mkulu wa mpingo akufuna ticheze. Mtedza wa m'sitolo mwake wogulitsayo sanandilole kuukhudza.

Loweruka
Ndazula timitengo. Ndapita kwa a Nachisale, ndafotokoza zonse, za Ayuda zomwe. Amvetsera mwaulemu, ali chapatali. "Ndamva, bambo. Koma kale tinkangokunkha, nsanza panalibe." Ndiwo zawo sabata ino n'zosatendera. Kodi lamuloli limagwira ntchito chifukwa wosiya ndi wotola onse amalidziwa? Kuno ndimalidziwa ndekha, ndiponso mwatheka. Madzulo amayi atenga khasu osandiyang'ana, alowera kungodya kuja.

Lamulungu
Zimene mbewa zasiya zangokwana mbale. Amayi akazinga. Potuluka m'tchalitchi akadyako kaye pamaso pa a Nachisale ndi pa anthu onse, kuti chaka chamawa okunkha adzabwerere. Kuchita ndachita. Kumvetsa sikunafike, mwina kuli m'njira. Amayi akufuna pepala lokulungira mtedzawo. Lina mulibe m'nyumba. Ndikupinda masamba ndalembawa, ndikuwapatsa.