Ulendo wa ku Nacala Umene Unathera M'dzenje

Anthu akamakamba za maulendo amene anayenda, ine ndimakhala chete. Ena amaganiza kuti sindinatulukepo m'dziko muno. Ndinatulukapo, kamodzi kokha, pa lole, ndi dzina la munthu wina.

Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito pa hotela ina ku Nkopola, pa tebulo lolandirira alendo. Makiyi a zipinda zonse ankakhala ndi ine, ndipo tayi sindinkavula ngakhale mu Okutobala. Alendo achizungu akafika ankaima pakhonde n'kunena kuti nyanja yathuyi ikungokhala ngati nyanja ya mchere. Ine ndinkayankha kuti inde, n'chimodzimodzi. Ndinayankha chonchi zaka zisanu ndi zinayi, nyanja ya mchereyo ndisanaione ndi diso langa. Zinayamba kundivuta mumtima. Sindikonda kuchitira umboni chinthu chimene sindikuchidziwa.

Nkhondo ya ku Mozambique itatha, ndinati mpata ndi umenewu. Ndinasankha Nacala, mzinda wa doko umene tinkauloweza ku sekondale. Ndinagula kope latsopano. Tsiku lililonse la ulendo linali ndi tsamba lake: lofika, loyendera doko ndi kuona sitima zikuluzikulu zapamadzi, lokhala pagombe kuyambira m'mawa kuti ndione madzi akamaphwa n'kubwereranso, monga ankanenera aphunzitsi. Panali ngakhale mzere wakuti “kulawa madzi” (ndinalembanso m'munsi mwake kuti “pang'ono”). Ndinabwereka kamera kwa mkulu wophika, ndinagula kabudula wosambira, woyamba m'moyo wanga.

Abwana anandipatsa tchuthi cha masiku khumi ndi anayi. “Tsiku lachikhumi ndi chisanu kukubwera alendo a msonkhano, odzaza hotela yonse,” anatero. “Mukapanda kupezeka pa tebulo lanu m'mawa umenewo, makiyi ndipereka kwa wina, ndipo sabwereranso.” Ndinaseka pang'ono. Pa zaka zonsezo ndinali ndisanachedwepo ngakhale tsiku limodzi.

Chimene kope langa linaiwala chinali pasipoti. Masiku amenewo sichinali chinthu chongopita n'kukatenga, ndipo tchuthi chinali chitayandikira.

Nkhawa imeneyi ndinaiulula kwa Che Amadu, telala amene ankasoka mayunifolomu athu pakhonde la sitolo ina ku Mangochi boma. Che Amadu anathawa nkhondo kuchokera kuseri kwa Mandimba, ndipo ndiwo ankandiphunzitsa mawu a Chipwitikizi opatsira moni ndi ofunsira njira. Anamvetsera makina akuyenda, kenako anaimitsa phazi.

“Pasipoti ya chiyani, akalaliki? Lachiwiri malole akutinyamula kubwerera kwathu. Obwerera kwawo safunsidwa pasipoti. Mlongo wake wa akazi anga, Abiti Juma, analembetsa nafe, koma wakwatira ku Lungwena, akuti sabwerera. Malo ake alipo. Mukhala alamu anga, basi.”

“Koma limenelo si bodza?”

“Bodza lake liti? Ine ndi inu si abale? Thalauza mwavalalo anasoka ndani?”

Ndinafunsa ngati kwawoko kuli pafupi ndi njanji ya ku Nacala. Anati pafupi kwambiri, sitima ikalira amaimva ali m'munda. Ndinalemba zimenezi m'kope (sindinafunse kuti anaimva komaliza chaka chiti).

Mayi a kunyumba nditawafotokozera anandiyang'ana nthawi yaitali. “Inu bambo a Grace, amene mumawerenga kawiri pepala la m'botolo la mankhwala musanamwe, mukukakwera lole ndi dzina la eni ake?” Ndinawaonetsa kope. Anatsegula masamba awiri, n'kulitseka. “Mutenge sopo,” anatero.

Lachiwiri m'mawa ndinafika pabwalo lokwerera ku Namwera nditavala tayi, nsapato zonyezimira, sutikesi kumanja, kamera pakhosi. Anzanga onse anali ndi mitolo, mphasa, mitondo ndi nkhuku zomanga miyendo. Abiti Juma, akazi a Che Amadu, atandiona anagwira pakamwa.

“Achimwene, munathawa nkhondo kapena munathawa ukwati?”

Anandikokera kuseri kwa lole. Tayi anavula, kamera anaikulunga m'chitenje, nsapato anazipaka dothi ndi manja awo. Sutikesi anailowetsa m'thumba la chimanga n'kundisenzetsa. Anandiuza kuti kuyambira pano ndine Saidi Juma, ndipo ndisalankhule zambiri chifukwa Chiyao changa n'cha pamsika wogulira nsomba.

Mayi wina wa bungwe lothandiza othawa nkhondo anayamba kuitana maina. Anaitana Saidi Juma katatu. Ine ndinkangoyang'ana uku ndi uku, kudabwa kuti munthu ameneyu bwanji sakuyankha, akutichedwetsa. Che Amadu anandiponda chala.

“Ndilipo, madamu!” ndinafuula, mawu a pa tebulo la alendo.

“Nkhondo inawasokoneza mutu,” anatero Che Amadu mwaulemu. “Amadziona ngati kalaliki.”

Mayiyo anandimvera chisoni. Anandigwira paphewa, n'kundipatsa khasu, chikwanje, ndowa ndi kathumba ka mbewu. Anati ndikayambe moyo watsopano. Ndinathokoza. Kunena zoona, panalibe munthu amene anandilankhulapo mokoma mtima chonchi chaka chimenecho.

Pamalire pa Chiponde tinadutsa bwinobwino, anangowerenga mitu. Amayi anayamba kuimba, ena akulira. Ine ndinali nditatsamira mtondo, nkhuku ya munthu ili pamwendo, ndikuwerengera mumtima kuti mawa ndikhala m'sitima. Titapitirira Mandimba, lole inasiya msewu waukulu. Inayenda, inayenda, mpaka inaima pamene panathera matayala. Bambo wina wovala chipewa anakwera pamwala n'kutichenjeza, m'Chiyao chimene ndinamva bwino lomwe tsiku limenelo: m'tchire muno muli mabomba okwirira pansi. Yendani m'njira yopondedwa kale. Osapatuka, ngakhale phazi limodzi. Lole inatembenuka n'kupita.

Tinayenda wapansi mpaka dzuwa litapendeka, mmodzi kumbuyo kwa mnzake. Ine ndinkaponda ndendende m'mapazi a Abiti Juma, amene anali aafupi, moti ndinkayenda ngati mkwatibwi.

Kumudziko kunalibe mudzi. Kunali zipupa zakugwa, udzu wofika m'chiuno, ndi mitengo ya mango. Che Amadu anaima pansi pa mtengo umodzi, anaugwira ndi manja onse awiri. Pamenepo ndinachita manyazi ndi kabudula wosambira amene anali m'thumba langa. Ndinadikira mpaka m'mawa mwake kuti ndifunse za sitima.

“Njanji ili uko,” Che Amadu analoza kum'mawa ndi mlomo. “Masiku awiri.”

“Pa galimoto?”

“Galimoto mwaiona kuti, alamu?”

“Munati mumaimva ikalira.”

“Mphepo ikakhala bwino.”

Munthu wina amene anabwerera mwezi wapitawo anawonjeza kuti njira ya kunjanjiyo sinapondedwebe. Anati tidikire, wina akadzayamba kudutsa n'kufika wamoyo, tidzamva. Ndinayang'ana anthu onse amene anali pamenepo. Palibe amene ankaoneka kuti ali pachangu chokaona doko.

Tsopano ndifike pa nkhani imene ndimaizemba. Mudzi wopanda nyumba ulibenso chimbudzi. Anzanga ankalowa patchire pafupi, m'malo amene ankati akuwadziwa. Ine mawu a bambo wa chipewa uja anali akulirabe m'khutu. Ndinkafika pamene pathera njira, n'kuyang'ana udzu, n'kubwerera. Tsiku loyamba ndinapirira. Lachiwiri ndinakana chakudya, ndikunamizira mutu. Lachitatu ndinkayenda pang'onopang'ono ngati munthu wosenza mazira, thukuta lili kamukamu, ndipo Abiti Juma anazindikira.

“Achimwene, mukapitiriza chonchi bomba likhala inuyo.”

Anthu anaseka mpaka ena anakhala pansi. Ine sindinaseke, kuseka kunali koopsa. Ndinatenga khasu langa lija, ndinasankha malo kuseri kwa chipupa pamene ana ndi mbuzi anali atapondaponda masiku atatu, n'kuyamba kukumba. Dzenje loyamba linali laling'ono, la changu. Za limenelo sindinena zambiri, koma kuti nditatuluka kuseriko ndinaona kuti dziko la Mozambique n'lokongola.

Vuto langa ndi lakuti sindimatha kusiya chinthu chili chokhota. M'mawa mwake ndinaliyang'ana dzenje lija, silinandisangalatse. Ndinatenga kope, ndinatsegula tsamba la tsiku loyendera doko, kuseri kwake n'kujambula chimbudzi chenicheni, muyeso wake ndi wa zimbudzi za antchito ku hotela. Ndinayeza ndi chingwe. Ndinakumba masiku anayi, Che Amadu akutulutsa dothi ndi ndowa yanga. Dzenje litafika m'khosi, dzuwa linali litandiwotcha moti malaya ndinavula, thalauza ndinasunga kuti lisathe. Kabudula wosambira uja anagwira ntchito m'dzenjemo. Tinayala mitengo, tinamata, tinamanga mpanda wa udzu, chitseko cha bango, ndi chivundikiro chokhala ndi chogwirira.

Anthu anabwera kudzaona kuchokera m'midzi ina. Akuluakulu ankalowa, n'kutuluka, n'kugwedeza mutu. “Che Saidi ku Malawi sanapite pachabe,” anatero mkulu wina. Mabanja atatu anandipempha kuti ndikawakumbirenso. Mayi wina wamasiye anatumiza nkhuku yophika, n'kufunsa kwa Abiti Juma ngati achimwene awo ali ndi banja. Filimu yonse ya m'kamera inathera pomwepo, chifukwa aliyense ankafuna chithunzi ataima pakhomo la chimbudzi.

Ndikanakana maenje enawo. Koma anthu anali akundidyetsa chakudya chimene iwo eni chinali chosawakwanira, ndipo njira yobwerera ndekha sindinkaidziwa. Ndinakumba lachiwiri. Ndili m'kati mwa lachitatu ndinawerenga masiku pa zala zamatuza, n'kupeza kuti alendo a msonkhano afika mawa.

Ndinatuluka m'dzenje ngati ndalumidwa. Che Amadu anati ndisadandaule, pali wamalonda wa mchere amene amabwera pa njinga kuchokera ku Mandimba, ndidzabwerera naye. Ndinafunsa kuti amabwera liti. Anati kawirikawiri. Anabwera patapita masiku anayi.

Potsanzikana Abiti Juma anandibwezera tayi, atachapa. “Mupite bwino, achimwene. Mukapereke moni kwa alamu athu, muwauze kuti ife tilibe mlandu.” Ndinayenda kumbuyo kwa njinga ya mchere tsiku lonse, ndikuponda mumzere wa tayala. Umenewo ndiwo mchere wokha umene ndinauona pa ulendo wonse.

Pachipata cha malire msilikali anandiimitsa. Pepala lokha limene ndinali nalo linkati ndine Saidi Juma, wobwerera kwawo. Analiwerenga, anandiyang'ana, tayi pakhosi, khasu paphewa.

“Bambo, nkhondo inatha. Mukuthawanso chiyani?”

Ndinamuuza zonse, kuyambira pa alendo achizungu. Anaitana mnzake kuti ndibwerezenso. Mnzakeyo anaitana wachitatu. Nditafotokoza kachitatu anandifunsa maina a midzi ya m'mbali mwa msewu wa ku Monkey Bay, ndinatchula yonse motsatana, ndipo anandiuza kuti ndizipita asanafe ndi kuseka.

Kunyumba mayi anandiyang'ana manja, n'kungoteleka madzi. Ku hotela ndinafika nditachedwa masiku asanu ndi limodzi. Pa tebulo langa panali munthu wina, makiyi ali m'chiuno mwake. Abwana anandiitanira mu ofesi.

“Nyanja ya mchere ili bwanji?”

Ndinaganiza zonena kuti n'chimodzimodzi ndi yathuyi. Mawuwo ndinali nditawazolowera. Koma ndinali nditatopa ndi kukhala munthu wina, choncho ndinaika manja anga patebulo n'kunena zoona. Anamvetsera osandidula. Pa nkhani ya kabudula anatulutsa kampango n'kupukuta m'maso.

“Makiyi apita, monga ndinanenera,” anatero. “Koma sindingataye munthu waluso. Zimbudzi za antchito kuseri kuja zadzaza. Muyang'anire zokumba zatsopano, ndipo kuyambira lero za ukhondo zonse zili m'manja mwanu.”

Ntchito imeneyo ndinaigwira mpaka kupuma. Tayi ndinasiya. Alendo sankandifunsanso za nyanja, ankandifunsa zina, zimene ndinkayankha ndi umboni wonse.

Ndimafuna kunena kuti ndinaphunzirapo kanthu, ndipo kwa zaka zingapo ndinkakhulupirira kuti ndinaphunzira. Kenako wamalonda wina anandibweretsera kalata yochokera kwa Che Amadu. Inati onse ali bwino, makina osokera akuyenda, koma chimbudzi chija chadzaza ndipo anthu akukana kuti wina aliyense akumbe, akufuna Che Saidi. M'munsi anawonjeza kuti njira ya kunjanji inatseguka, sitima ya ku Nacala ikuyenda, iwo eni amaimva ikalira.

Ndinayankha tsiku lomwelo kuti za dzenje aiwale, ndine munthu wamkulu tsopano. Pomaliza ndinafunsa, mwa kungofuna kudziwa basi, kuti sitimayo imadutsa tsiku lanji.