Tsiku Limene Ndinatsekera Munthu Wosamangidwa

Nkhani iyi ku Liwaladzi amaikamba ndikangowapatsa msana, ndiye kuli bwino muimve kwa mwini wakene isanathiridwe mchere wina. Mpaka lero ndikaona galimoto yayikulu ikukhotera kudoko, ndimayamba ndayang'ana nambala yake.

Chaka chimenecho anali atangondisankha kukhala wapampando wa komiti ya padoko. Ntchito yathu ndi kulonda nyanja ikatsekedwa kuti chambo chiswane. Anandipatsa wenzulo, chipewa ndi kanyumba kosungiramo maukonde olandidwa (chipewacho ndinkapita nacho ngakhale kumaliro).

Lachisanu lina masana, amuna ambiri ali kumzikiti, ndinapeza galimoto yoyera itaima pansi pa mtengo wa mango. Bambo wina wakuda ngati ine ndemwe, wovala kabudula ndi patapata, ankalongedza nsomba m'bokosi la ayezi. Kusuzumira, chambo chokhachokha! Mumtima ndinati eya, mavenda a ku Lilongwe otimalizira nsomba aja lero ndawapeza. Ndinaliza wenzulo, azimayi a padoko n'kusonkhana.

"Bambo, chambo ichi mwachitenga kuti?"

Anamwetulira n'kuyankha m'Chingerezi chothamanga. Changa chinathera Sitandade 6.

"Musandizembere, Chichewa mumachidziwa inu," ndinatero.

Anatulutsa kakhadi n'kundipatsa. Magalasi ndinali nditawasiya kunyumba, ndiye ndinangoona ngati ka kubanki. Ndinakuwa kuti doko lonse limve kuti ine ziphuphu sindilandira. Kakhadiko ndinaika m'thumba la malaya, makiyi a galimoto ndinazula, zikwama zake ndinapikisula chimodzichimodzi. Kenako ndinamukodola kuti anditsatire. Munthuyo anabwera mofatsa, poyesa tikupita ku ofesi. Atangolowa m'kanyumba ka maukonde, ndinakoka chitseko n'kukhoma loko. Azimayi anaimba nthungululu. Ine phewa m'mwamba.

Apo ndi pomwe anatulukira Che Yusufu, mnansi wanga amene anapuma ntchito ya upolisi. Ankachokera kumzikiti. Anayang'ana nambala ya galimoto ija, n'kuvula kofia.

"Apampando, zilembo izi mwaziwerenga? CD?"

"Si dzina la kampani?"

"Mwini wake ali kuti?"

Ndinaloza kanyumba kaja n'kuwapatsa kakhadi. Anawerenga kawiri.

"Uyu ndi msilikali wamkulu wa dziko lina. Amagwira ntchito ku ofesi ya kazembe wa kwawo ku Lilongwe. Anthu amenewa samangidwa, galimoto yawo sisechedwa. Ine upolisi wanga wonse sindinagwirepo ngakhale chitseko cha galimoto yotere. Akalakwa, boma lathu limakadandaula ku boma lawo, basi."

"Nanga... amene wam'manga amamutani?"

"Sindikudziwa, apampando. Sindinamvepo. Tionera pa inu."

M'maso mwanga ndinkaona kale ndege za nkhondo zikuzungulira pa Liwaladzi, dzina langa likutchulidwa pa wailesi, ana anga akulozedwa zala kuti bambo wawo ndi amene anayambanitsa mayiko awiri. Ndinathamangira kukatsegula, ndipo ndi pamene ndinakumbukira kuti kiyi wa loko amasunga mlembi wathu. Mlembiyo anali atapita ku Dwangwa.

Nzeru imene inandibwerera inali ya nkhwangwa (musaseke, munthu wa mantha saganiza kawiri). Mlendo uja ataona mpeni wa nkhwangwa ukutulukira m'kati mwa chitseko, anakuwa mawu amene sindikufuna kuwadziwa tanthauzo lake. Che Yusufu anayesa kumutonthoza m'Chiswahili, ndipo mwamwayi anachimva. Chitseko chitagwa anatuluka ali mamba a nsomba mpaka m'tsitsi. Ine ndinagwada pamchenga wotentha osamva n'kutentha komwe.

Sanandikalipire. Anangotambasula dzanja kufuna makiyi ake.

Ndinapisa m'thumba la thalauza. Chala chinatulukira kunsi. Thumba linali lobooka.

Abale, doko lonse linasanduka munda. Azimayi omwe ankaimba nthungululu aja anayamba kupeta mchenga ndi malichero, amuna obwera kumzikiti akukwawa ndi mikanjo yawo yoyera. Ine ndinkafukula ngati galu, thukuta likulowa m'maso, khutu lili kumsewu. Makiyiwo atapezeka pakhomo penipeni pa kanyumba kaja, galimoto ya apolisi inali ikufika. Munthuyo anali ataimba foni ali m'kati muja (foni yokha ndi imene ndinaiwala kumulanda, Mulungu anandikonda).

Mkulu wa apolisiwo anatsika n'kumuchitira sailuti mlendo uja. Ine ndinapereka manja onse awiri kuti andimange, koma palibe anandiyang'ana. Mlendoyo analankhula, Che Yusufu akumasulira. Anati sankadziwa kuti nyanja ndi yotseka. Anati ngakhale iye samangidwa, malamulo a dziko limene akukhalamo amayenera kuwalemekeza, choncho nsombazo azisiya ndipo sakadandaula kulikonse. Anawonjezera kuti tsiku lina ndikamagwira munthu, nkhwangwa ndiziisiya kunyumba.

Ndinali pafupi kuyamba nyimbo ya kutchalitchi pamene wapolisi uja anatulutsa kabuku.

"Alendowa sitingawagwire," anatero. "Koma amene wawagulitsa chambochi alibe kakhadi. Ndani?"

Mlendo uja anamwazamwaza maso n'kuloza mayi wina amene anali atabisa nkhope kuseri kwa lichero. Lichero litatsika, ndinaona mkazi wanga.

"Amake Chikondi! Inu?"

"Musandituzulire maso, abambo ake Chikondi," anatero pamaso pa anthu onse. "Chimene munadya dzulo chija mumayesa chinali bonya?"

Anakhala kupolisi mpaka madzulo, apolisi n'kuwatulutsa atawachenjeza. Ine ndinawadikira panja, ndipo pobwerera sitinalankhulane kuchokera kuboma mpaka pakhomo. Sabata yotsatira komiti inasankha wapampando wina popanda ngakhale kundifunsa maganizo.

Chimene ndinatolapo n'chakuti usanathamangitse wakuba wochokera kutali, yamba wavundukula mpoto wa m'nyumba mwako. Koma zoti ndinasiya kudya ndiwo osafunsa kumene zachokera, pamenepo tisanamizane.