A Tibweze ndi Kalipentala Wina

A Tibweze sankatha kuonera filimu mpaka kumapeto osapezamo chibwenzi chimene eni filimuwo sanachitchule. Cha mnyamata ndi mtsikana analibe nacho ntchito, ankati chimenecho n'chokopera makasitomala. Iwo ankasaka chinacho: amuna awiri oyang'anana mopitirira muyeso, akazi awiri odana koma osatha kusiyana.

Anali ndi holo yoonetsera mafilimu kuseri kwa msika, khoma limodzi ndi saluni yanga. Mafilimu ambiri ankabwera m'zilankhulo zoti ife sitimva, ndiye iwo ankakhala pambali pa tivi yaikulu, maiki dzanja ili, rimoti dzanja linali, n'kumatanthauzira. Kutanthauzirako kunali kwa poyambirira pokha. Zinthu zikangofika pokoma, mumangomva, "Imani kaye, tibweze pang'ono." Dzinalo linachokera pamenepo.

Ndimakumbukira filimu ina ya nkhondo. Msilikali wavulala mwendo, mnzake wamubereka, akuwoloka naye mtsinje zipolopolo zikugwa ngati matalala. Holo yonse ili zii, mitima ili m'mwamba. Basi chithunzi chaima.

"Mwaona?"

"Tiona bwanji mwaimitsa!" anakuwa bambo wa butchala.

"Wobereka mnzakeyu ali ndi mkazi kwawo. Chithunzi cha mkaziyo wachiyang'ana mmene munthu amayang'anira bilu ya madzi. Koma taonani mmene akumupukutira thukuta mnzakeyu. Ndi chala, akulu! Pang'onopang'ono!"

"Ndi ubale wa kunkhondo umenewo!"

"Ubale? Inu achimwene anu atathyoka mwendo munawanyamula pa wilibala ya nyama, mukuwatukwana njira yonse."

Anthu anaseka mpaka ena kugwa pa mabenchi. Wa butchala analumbira kuti sadzapondamonso. Mawa lake anali woyamba kulowa.

Masana kukakhala kopanda anthu ankabwera ku saluni kudzationongera sewero la pa tivi. Linali la bambo wolemera, mkazi wake, ndi sekilitale amene bamboyo ankayenda naye. Akazi awiriwo akakumana, mbale zinkasweka.

"Mayi a saluni, bamboyu musamuwerengere. Ndi mpando chabe m'nyumbamu."

"Mpando bwanji, poti akulimbirana iyeyo?"

"Taonani mkazi wapanyumbayu. Asanamenye mbama wayamba wavula mphete, kuopa kukanda tsaya la mnzake. Ndiye womenyedwayu, pobwera kudzamenyedwa wachita kudzola milomo. Inu mdani wanu mumamudzolera?"

Mayi amene ndinkamuluka tsiku limenelo anaseka mpaka mzere unapita kukhutu. Patapita miyezi, m'sewero muja bambo uja anagwa ndi ndege, akazi aja n'kutsegula sitolo limodzi, n'kusamukira nyumba imodzi, ati pofuna kulera bwino ana. A Tibweze anazungulira msika wonse akupatsa anthu moni wa m'manja ngati apambana chisankho.

Nkhani inafika kwa mkulu wa mpingo wapafupi. Anabwera atavala jekete dzuwa likuswa mtengo, filimu yake m'manja.

"Lero muonetse iyi. Ndi ya alaliki awiri oyenda m'chipululu. Muingotanthauzira, osaonjezera zanu."

A Tibweze anamvera. Anatanthauzira mwaulemu ngati akuwerenga uthenga wa odwala. Kenako alaliki aja chakudya chinawathera, wamkulu n'kunyema buledi wotsala, n'kumudyetsa wamng'ono pakamwa. A Tibweze anatsokomola. Kamodzi kokha, koma mu maiki. Holo yonse inaphulika.

"Mwatsokomoleranji?" anafunsa mkulu wa mpingo ataimirira.

"Fumbi la m'chipululu, abambo. Ine sindinanene kanthu. Ngati mwaona china, mwaona nokha."

Sipanathe sabata, kunabwera anthu a mayunifolomu n'kutseka holo ndi loko wawo, ati ikuononga achinyamata. Anthu onse aja oseka mpaka kugwa, palibe ndi mmodzi yemwe anatsegula pakamwa. Wa butchala anati iye ankangopitako kukathawa dzuwa. Amene anayendera nkhaniyo, ofesi ndi ofesi, nsapato mpaka kutha chidendene, anali a kalipentala.

A kalipentalawa anali munthu wamtali, wosayankhula, wa utuchi m'tsitsi nthawi zonse. Mabenchi a mu holo anakhoma ndi iwo. Ankakhala ndi a Tibweze m'kanyumba ka kuseri kwa holo kuyambira ine ndisanatsegule saluni, ndipo anthu ankati ndi alendi, ongochita lendi chipinda. Filimu ikafika pakati, ankalowa mwakachetechete ndi kapu ya madzi otentha a mandimu, n'kuiika pafupi ndi rimoti, n'kukakhala pa benchi yomaliza. Nthabwala za a Tibweze sankaseka, ankangopukusa mutu ngati munthu amene anazimva kale m'mawa akumeta ndevu.

Holo itatsegulidwanso, chidakwa china chinafunsa chimene msika wonse unkameza.

"A Tibweze! Nanga inu ndi a kalipentala? Tibweze pang'ono?"

Ndinali pakhomo, ndinaona. Anthu anayang'ana pansi ngati aliyense wataya ndalama. A kalipentala anapitiriza kuyang'ana tivi. A Tibweze anapukuta maiki ndi malaya.

"Imeneyo siifuna wotanthauzira," anatero. "Tiyeni tipitirize."

Matenda anayambira pakhosi. Mawu aja ankamveka mpaka kokwerera mabasi anasanduka kunong'ona. Komabe ankakhala pampando wawo, n'kumaimitsa filimu, n'kumangoloza ndi chala, nsidze zili m'mwamba, anthu n'kumamalizitsa okha. A Tibweze ataonda mpaka lamba kusowa pobowola, a kalipentala anasiya ntchito. Kuwasambitsa, kuwatembenuza, kuwaphwanyira mapiritsi mu supuni, kuchapa zofunda zoti ine mayi wa ana sindikanazigwira, zonsezo anali iwo. Achibale tinkangomva kuti alipo.

Achibalewo anatulukira a Tibweze atagonekedwa kuchipatala. Kunabwera achimwene awo aakulu ndi achemwali awo, onunkhira mafuta okwera mtengo. Achemwaliwo anaima pakhomo la wodi.

"Inu ndinu ndani wake?"

"Timakhala limodzi," anatero a kalipentala.

"Oo, alendi. Zikomo kwambiri, bambo, mwathandiza. Apa tsopano ndi pa abale."

Ine ndinaloledwa kulowa, poti ndine mzimayi ndipo ndinanyamula basiketi. Ndinawapeza a Tibweze maso ali kukhomo.

"Ali panja," ndinawanong'oneza.

"Wadya?"

Mawu omaliza amene ndinawamva kwa munthu amene pakamwa pake sipankatsekeka ndi amenewo. Anamwalira mawa lake masana, a kalipentala ali pabenchi ya panja, botolo la madzi a mandimu litazizira m'manja.

Bokosi la maliro a kalipentala anakhoma okha. Anatenga matabwa amene ankasungira tebulo la m'nyumba mwawo, n'kuwapala mpaka kusalala ngati galasi. Aliyense anayamikira. Achemwali aja anachita kulisisita, n'kunena kuti kuno kuli amisiri.

Pamaliro achimwene aja anayankhula nthawi yaitali. Anati mng'ono wawo anali wanthabwala, koma n'zachisoni kuti wapita osakwatira, wopanda womusamala, wafa yekhayekha ngati mlendo. Mkulu wa mpingo uja anagwedeza mutu. Wa butchala anagwedeza mutu. Msika wonse, anthu amene anaphunzitsidwa kuona chikondi pa chala chopukuta thukuta, unagwedeza mutu. Pomaliza achimwene aja anathokoza onse othandiza: amayi ophika, mwini galimoto, "komanso kalipentala wina amene watipangira bokosi." A kalipentala nthawi imeneyo anali kumbuyo, akusenza mabenchi kuti alendo apeze pokhala.

Ndinafuna kukuwa. Ndinaimirira ndithu, koma iwo anandiyang'ana n'kupukusa mutu, ndiye ndinakhala pansi.

Maluwa a pamanda asanafote, achibale anagawana katundu. Bedi linakwera galimoto, mapoto, makatani, ngakhale malaya a kalipentala amene anali pa chingwe. A kalipentala anauzidwa kuti nyumba ikufunika. Anatuluka ndi bokosi la zida ndi kapu ija. Sanatsanzike munthu, kupatula kuti podutsa pa saluni anaima n'kundikhomera chitseko chimene chinkavuta kutseka. Kumene anapita ndikukudziwa, koma sindinena.

Holo anaipatsa mphwawo wa malemu, mwana wa achemwali aja. Mafilimu tsopano amayenda osaima, kuyamba mpaka kutha, anthu n'kutuluka ali ndwii ngati achokera kokabayitsa jakisoni. Ukafunsa kuti inali bwanji, amati, "Anawombana." Ku saluni, akazi awiri a m'sewero akagwirana dzanja, makasitomala onse amayamba kuyang'ana zikhadabo zawo. Ndipo oseka aja lero ndi amene amakokera munthu pambali n'kunena kuti, "Ife tinkadziwa kalekale." Kudziwa kwake kumeneko sikunamusungire munthu ngakhale bulangete.

Mwezi watha benchi ina inathyoka, wa butchala n'kugwa chagada, miyendo m'mwamba. Mabenchi ena onse akugwedera. Mphwawo uja anabwera ku saluni akukanda m'mutu.

"Anti, mulibe nambala ya bambo aja ankakonza mabenchiwa?"

"Bambo ati?"

"Aja ankakhala ndi amalume. Akuti misomali yake amaidziwa ndi iwowo."

Ndinapitiriza kupesa kasitomala wanga.

"Pamaliro paja amalume ako aakulu aja anati ndi kalipentala wina," ndinamuuza. "Ndiye pita ukafune wina."