Kompyuta Yonga Mbaula

Lolemba

Uthenga wa achimwene ndauwerenga kakhumi tsopano. "Lamulungu 3 koloko masana. Mpira wa pa kompyuta. Ngati zala zako zikadali ndi moyo." Basi. Moni palibe. Zaka ziwiri ali zii ku Joni, lero akutulukira ndi mpira!

Ndikuyankha pompo: "Konzekerani kulira." Kenako ndikukumbukira kuti kompyuta ndilibe.

Kusalankhulanaku ndinakuyambitsa ndine. Bambo atamwalira, achimwene a Fatsani sanabwere kumaliro, ati mapepala awo sanali bwino, akanawoloka sakanabwereranso. Ine ndi mkwiyo ndinawauza pa foni kuti asadzaimbenso. Munthu amene chibadwire sanandimverepo, apo pokha anamvera. Ngakhale Amayi sawaimbira, manyazi. Ndiye Lamulunguli ndikapanda kuoneka adzati ndikadali wokwiya, atsekanso pakamwa zaka zina ziwiri. Sindikufuna zimenezo. Ndawasowa, ndi makani awo omwewo.

Tili ana ndinkawachinya pa kanyumba ka magemu kuseri kwa msika wa Mbayani, mpaka anyamata anzawo kumawaseka njira yonse. Palibenso chinenero china chimene ine ndi iwo timamvana.

Chipereganyu cha ku ofesi chagwera ine mwezi uno. Chinali cha firiji. Firiji idikire, madzi a mumtsuko sanaphepo munthu. Kompyuta yathunthu sindingaikwanitse, ndigula zidutswa ndilumikize ndekha.

Zofunika:
- purosesa, ndiye ubongo wake
- bodi yaikulu, pamene zonse zimakhala
- RAMU, timitengo tiwiri
- khadi ya zithunzi yamphamvu, osewera asamathamange ngati ali m'matope
- pawa, kabokosi kogawa magetsi
- kesi, bokosi losungiramo zonsezi, yagalasi ya timagetsi tobiriwira!!

Disiki ndichotsa mu laputopu yanga yakufa ija. Sikirini ndi TV ya pabalaza.

Ndawauza Amayi kuti Lamulungu ndikumana ndi achimwene pa kompyuta. Asiya kusankha nyemba. "Atulukira momwemo?" Ndati eya, tingotero. Apita kuchipinda, abwera ndi ulusi woyera ndi kasingano kawo kolukira.

Lachiwiri

Abwana ku Sunnyside ndawauza kuti dzino landivuta. Andipatsa masana onse. Mulungu andikhululukire, ndili ku Limbe.

Sitolo yoyamba: "Abambo akunyumba akutumani? Aimbireni tilankhule nawo." Ndatuluka osatsanzika.

Sitolo yachiwiri: mtengo wa khadi. Ndafunsa kawiri, ndimayesa akunditchulira nambala yawo ya foni. "Dola yakwera, sisi." Dola imeneyi ndi yodabwitsa, imakwera ndi katundu yemwe wakhala pa shelefu mpaka fumbi lake ungalembepo dzina.

Yachitatu si sitolo, ndi kakhonde kuseri kwa sitolo ya nsalu. Mwini wake ndi a Jasi, ogulitsa za m'kontena. Kwa iwo palibe chakale. "Yanyuwani iyi, azungu anangoyesa." Ndagula purosesa ndi bodi, zomatana kale, zochokera mu ofesi inayake kunja. Ndagulanso khadi ya fani imodzi yokha. "Mwini wake anali gogo, ankangoonerapo maulaliki." Gogo ameneyo ayenera kuti ankasutanso fodya, khadi ikununkha.

Mndandanda wasintha:
- khadi yamphamvu, tsopano ndi khadi yoyesetsa
- timitengo tiwiri, tsopano kamodzi
- kesi yagalasi, tiona

Mu minibasi kondakitala akufuna kukankhira katoni yanga pansi pa mpando, pafupi ndi ndowa ya nsomba. Ndakana, ndaifungatira pamiyendo. "Sisi, mwanayo alipira?" Basi yonse kuseka. Asekeni, sadziwa zomwe ndanyamula.

Kunyumba Amayi akuluka. Akulukiranso chiyani? Pabalaza pathu chilichonse chinavala kale kansalu: TV, wailesi ya malemu Bambo, Baibulo lalikulu, ndi ayironi yomwe.

Lachitatu

RAMU sikulowa!!

Ndaigula nthawi ya nkhomaliro m'tauni, kwa mkulu wina wotchipitsa, ndikudzitama kuti ndine wochenjera. Pofika kunyumba, kamphako kake kali apa, kadzino ka pa bodi kali apo. Ndatembenuza. Ndapemerera. Ndatembenuzanso ngati kuti mwina zasintha maganizo. Bodi yanga ndi ya mbadwo wakale, RAMU ndi ya ana a lero, sizimwerana madzi.

Ndaimbira mkulu uja. "Simunawerenge pakhoma? Katundu wogulidwa sabwezedwa." Ndati nanga nditani. "Ingopalani pang'ono ndi tupa, ilowa." Tupa! Ngati ndikunola khasu.

Ndathamangiranso ku Limbe asanatseke. A Jasi alandira yanga yatsopano, andipatsa yawo yakale, ndiye akuti ndiwonjezere kangachepe. Ndawonjezera. Kesi yagalasi yafera pomwepo, timagetsi tobiriwira tausa mumtendere.

Yatsala pawa. Paliponse pamene ndawerenga akuti pa pawa osaumira, yotchipa imapsa ndi zinzake zomwe. Ndikudziwa. Ndawerenga. Ndagula yotchipa. Ilibe dzina, ndipo ndi yopepuka ngati buledi wa masiku ano.

Foni yalira ndili m'njira. Achimwene: "Ukukonzeka?" Mauthenga awiri sabata imodzi! Mtima wanga ukuvina. Ndayankha kuti makina amene ndikumanga kuno ku Joni sanafike.

Pamenepo sindinaname.

Lachinayi

Zida zonse zili pa bedi, nyumba yokhalamo zilibe. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mamawa ndadzera kwa a Semba, osula ndowa ndi mbaula pafupi ndi msika. Ndawajambulira papepala, miyeso yonse, ndi poika fani.

Ndati ikhale ndi mabowo ambiri, mkati mumatentha, pafunika mphepo.

"Ndiye mbaulatu imeneyo."

Ndati ayi madala, kompyuta.

"Chotentha mkati, chofuna mphepo, mabowo m'mbali. Mwana wanga, ntchito iyi ndinayamba iwe usanamere mano."

Poweruka ndapita kukatenga. Yesu wanga! Miyendo inayi. Zogwirira ziwiri, zopinda bwino. Pansi kachitseko, ati kochotsera phulusa, "kapena chilichonse chomwe chimatsalira." Pepala langa alitsatira ndithu, bodi ikukwana ndendende, koma dzanja la munthu silinama. Malata ake akuonekabe zilembo za chitini cha mafuta ophikira.

Panjira:
- mayi wootcha chimanga wandifunsa mtengo
- wamakala wandilonjeza kuti azindichotsera
- ana a pamzere wathu andiperekeza mpaka pakhomo

Amayi aizungulira kawiri, manja kumbuyo. "Fatsani afikira mmenemu?" Apukusa mutu. Akhalanso pampando, kasingano kawonjezera liwiro.

Achimwene atumiza chithunzi cha yawo. Yagalasi. Timagetsi tofiira, tobiriwira, tina tosinthasintha. "Yako tione." Ndati yanga ndi chinsinsi cha timu.

Lachisanu

Magetsi azima chichokereni m'mawa. Ndikumanga chomwecho pakhonde, dzuwa likadalipo. Khadi yalowa. Mawaya ndamanga ndi mphira wa legeni. Kwatsala sikuluwu imodzi, sindikudziwa kwawo, ndaiponya mu kachitseko ka phulusa. A Semba ankadziwa.

Cha m'ma 5 mzere wonse wafuula, magetsi ayaka. Ndalumikiza ku TV. Ndadina. Zii. Ndadinanso. Zii. Thukuta mpaka kumsana, firiji yanga ikundiyang'ana kuchokera kumwamba. Amayi ali kukhitchini akuti, "Pakhoma wayatsa?"

Sindinayatse.

YAYAKA!!! Fani ikuzungulira, TV yaonetsa zilembo! Phokoso lake ngati chigayo chapatali, koma yayaka. Ndavina ndekha pabalaza. Ukaipa dziwa nyimbo, mbaula yanga nyimbo ikuidziwa.

Kwatsala gemu. Mnzanga wa ku ofesi wandibwereka karauta kake ka intaneti, ati ndimubwezere Lolemba kali moyo. Gemuyo kuti itsike yonse akuti maola khumi ndi anayi. Yayenda ola limodzi, magetsi azimanso. Palibe kanthu. Mawa tsiku lonse ndi lake.

Ndaika malamulo, ndawawerengera Amayi pang'onopang'ono:
1. Osagwira mkati.
2. Osazimitsa.
3. Osatereka poto.

"Wandiyesa mwana?" Alumbira kuti asunga onse atatu.

Loweruka

Kwacha ndi magetsi. Ndayatsa, gemu yayamba kutsika. Kutentha kwa lero malata akuchita kulira. Ndikanakonda kuilondera, koma ku Nyambadwe kuli chinkhoswe cha mnzanga wa karauta uja, ndipo ndili mu komiti yokongoletsa. Ukajomba chinkhoswe cha mwini rauta ndiwe mfiti. Amayi atsala, masana akulandira amayi a mphakati kudzapemphera.

Ku chinkhoswe ndikuvina mwendo umodzi, mutu uli ku Mbayani.

Ndafika cha m'ma 5. Fungo landilonjera pa geti. Ngati wina akuotcha tayala.

Pabalaza mbaula yanga yavala. Nsalu yoyera yoluka, kuchokera pamwamba mpaka pansi, maluwa maluwa, m'mphepete monse mphonje zazitali. Pamwamba vazi ya maluwa apulasitiki ndi chithunzi cha achimwene ali Fomu 4. Kutsogolo zilembo zoluka ndi ulusi wofiira: TAKULANDIRANI.

TV yakuda bii.

Ndavundukula. Mabowo onse a a Semba anatsekeka. Fani ya pawa inakoka mphonje, yazikulunga mpaka yaima. Pawa yapsa. Bodi ili ndi chipsera chakuda, khadi ya gogo ikununkha kuposa kale. Ndayesa kuyatsa kasanu. Ndayang'ananso pakhoma. Pakhoma mpoyatsa.

"Mkati sindinagwire, sindinazimitse, poto sindinatereke," akutero Amayi. "Yangozima yokha tili pa nyimbo yachiwiri. Amayi a mphakati anati mwina ikulemekeza mapemphero. Nanga alendo akanaona chitini cha mafuta pabalaza? Nanga mwana wanga afikire pa chinthu chamaliseche?"

Ndaimbira a Jasi. "Sisi, garanti yathu imathera pakhomo." Mawa satsegula, ndipo ngakhale akanatsegula, m'chikwama mwatsala ya minibasi.

Ndatsegula pakamwa kuti ndikalipe. Mawu anali okonzeka, akuthwa, ngati aja ndinawauza achimwene. Ndiye ndaona zala za Amayi, zatupa ndi kuluka masiku asanu. Pampando pali chitenje chawo cha pa Khirisimasi, chositasita. Panja nkhuku yamangidwa mwendo, ya mawa.

Ndameza. Ndati nsaluyo ndi yokongola. Ndi yokongoladi, ndiye zowawazo. Ndakalirira kubafa, mpopi uli wotsegula.

Lamulungu

Ku tchalitchi sindinamve kanthu. Nkhuku yaphedwa, palibe woiuza kuti pulogalamu yasintha.

Hafu pasiti 2. Amayi abwezeretsa nsalu, mbali yopserera aitembenuzira kukhoma. Avala chitenje chija ndi duku, akhala moyang'ana TV. Ndawafotokozera kawiri kuti makina afa. "Ndamva. Ndingokhala."

Mabodza amene ndalemba ndi kufufuta:
- magetsi azima
- netiweki yavuta
- ndadwala

Lililonse mwa amenewa achimwene aliwerenga kuti "sindikufuna." Ndimawadziwa. Ndikanakhala ine ndikanawerenga chimodzimodzi.

3 koloko ndendende: "Ndalowa. Uli kuti? Mantha?"

Basi, zanga zada kale. Ndajambula mbaula mmene ilili, miyendo, zogwirira, nsalu, vazi. Ndalemba kuti, "Makina anga ndi awa. Amayi awaveka, apsa dzulo." Ndatumiza.

Awerenga. Zii. Mphindi imodzi. Zitatu.

Foni ikulira. Vidiyo!

Nkhope yawo yadzaza pagalasi, sakutha kulankhula ndi phwete. "Iwe! Mbaula! Ndiye mphonje zomwe zija zinadya kaseti ya Bambo!" Nanenso ndaphulika. Tikuseka ngati tili kuseri kwa msika, misozi mbwee. Kenako kuseka kwawo kwasintha, aona chithunzi chawo ndi zilembo zofiira. Akupukuta kumaso ndi malaya.

"Ali pompo?"

Amayi akana kulandira foni m'manja. Aloza pamwamba pa mbaula. Ndaitsamiritsa pa vazi, pamwamba pa TAKULANDIRANI. Amuyang'ana mwana wawo nthawi yaitali.

"Waonda."

Ndatuluka panja, ndakhala pa njerwa pafupi ndi nthenga za nkhuku. Alankhula mpaka bandulo yanga yatha.

Mmene zinthu zilili:
- firiji, ndilibe
- kompyuta, ndilibe
- mbaula, ndili nayo yabwino kwambiri, mayi wachimanga uja akuifunabe
- achimwene akuti timu yosabwera pabwalo imagonja 3 kwa 0, alemba kale m'buku lawo, koyamba kundichinya chibadwire

Sindinatsutse. Atenge.

Amayi akuti m'chilankhulo cha kumudzi kwawo, "Pyadidi, zakoma, mwananga. Makina ako agwira ntchito." Ndangovomera, mphamvu zofotokoza ndilibe.

Foni ndaisiya pa tebulo kuti itchaje. Pobwera kuchokera kukhitchini ndapeza Amayi akuiyeza ndi ulusi, m'litali ndi m'lifupi.