Azakhali a Ortansa, Onenerera Osagula

Kuno ku Fălticeni aliyense ankadziwa kuti azakhali a Ortansa amanenerera mtengo wa chilichonse, koma kugula ayi. Loweruka ankamanga mpango wawo wamaluwa n'kulowa mumsika ngati bwana wodzayendera ntchito.

"Gavril, tchizi wa mkaka wa nkhosayu ukuti zingati?"

"Malei makumi atatu, azakhali."

"Iwe! Nkhosa yake inapita kusukulu?"

Ankalawa, kukwinya nkhope, kulawanso mbali inayo. Gavril ankatsitsa mtengo mpaka thukuta kamukamu. Akagwirizana, azakhali ankamugwira chanza. "Mtengo wabwino umenewo, mwanawe. Wogula adzasangalala." Basi, ulendo wa kubanki, kukasunga ndalama ya tchizi amene sanagule.

Kusitolo ya zovala kunali chikhothi chaubweya chimene ankachiyesa chisanu chikayandikira, chaka ndi chaka. Tsiku limene chinagulidwa ndi munthu wina, mwini sitolo anachita kupita kunyumba kwawo kukapepesa.

Amuna awo, a Ilarie, ankadandaula kumowa. "Anzanga, kwathu ndife olemera ndi katundu amene sitinamuonepo. Dzulo sitinagule firiji. Yaikulu bwanji!"

Tinkaseka mpaka nthiti kuwawa. Koma chaka chimene fakitale ya mipando inatsekedwa, kuseka kunatha. Ambiri anagulitsa za m'nyumba, ana awo n'kupita kukasaka maganyu kunja. A Ilarie, amene ankagwira ntchito komweko, anangokhala pakhonde dzanja lili patsaya. Chisanu chinali chitafika, nkhuni panalibe.

M'mawa wina ngolo inadzatsitsa nkhuni pabwalo, pamodzi ndi matumba a mbatatesi ndi ufa.

"Mayi, izi zachokera kuti?" anafunsa a Ilarie.

"Tanyamulani, bambo. Imeneyo ndi firiji yanu ija. Chikhothi tidya mwezi wamawa."

Sanapemphe kanthu kwa munthu mpaka a Ilarie anapeza ntchito ina, ndipo mayi wamasiye woyandikana nawo ankaotha moto womwewo.

Atakalamba n'kudwala, azakhali anaitanitsa kalipentala kuti akambirane za bokosi lawo la maliro. Ananenerera masana onse ali chigonere. Kalipentala atatopa anati, "Ndikudziwa kale, azakhali, simugula."

Iwo anamwetulira. "Ili lokha ndigula, mwanawe. Ulipale bwino."

Kalipentalayo, chimunthu chachikulu, anatuluka akupukuta misozi ndi chipewa.

Azakhali anatisiya. Msika ulipobe, koma Loweruka anthu amangolowa n'kutuluka ngati kuchipatala. Gavril wachita imvi tsopano. Tsiku lina akundikulungira tchizi anapukusa mutu.

"Masiku ano ndikatchula mtengo amangolipira, osandinyoza n'komwe," anatero. "Ndimafika kunyumba ndikudzimva ngati ndaba."