Kodi nesiyu amadya chiyani?

Lolemba
Ana anga ndi awa: Fanuwelo, ali ndi minibasi yakeyake. Lameki, mphunzitsi. Esinati, telala, yemwenso akundilembera izi poti ine sukulu ndinangoilawa. Onsewa anakula akudya ndiwo zamchere. Lero nesi wa pachipatala chathu kuno ku Machinjiri, mwana wa dzulodzuloli, akuti bipi yanga yakwera, mchere ndisiye. Nanga iyeyo amadya chiyani? Ndikangomugwira ndi mchere, lamulo lake lathera pomwepo.

Lachiwiri
Ndili pabenchi ya chipatala, osadwala. Masana nesi akutsegula kontena yake ya chakudya. Ndikusuzumira: mpunga, nyemba. Koma mchere wa m'ndiwo suoneka ndi maso! Izi sindinaziganizire.

Lachitatu
Ndafunsa mlonda. "Madala, ine ndimalonda geti, osati mbale za anthu." Kunyumba ndiwo zikukoma ngati madzi a mvula. Esinati, lemba zimenezo, usadumphe.

Lachinayi
Msampha: mtedza wokazinga, wamchere bwinobwino. Nesi walandira ndi manja awiri, wathokoza, kenaka akuti poti ndabwera kale andiyeze. Bipi yakwerabe. Mtedza uja ndaupeza pageti, mlonda akutafuna.

Lachisanu
Ndamugwira! Pachiwaya cha pasiteji, tchipisi m'manja, mchere akuwaza yekha! Ndikudikira kuti akane. Sakukana. "Mwandigwira, agogo. Inenso anandiletsa, koma zikundivuta. Mayi anga anafa ziwalo ndi matenda omwewa." Chibadwire sindinaonepo wachipatala akuvomera kulakwa. Ameneyu ndi munthu wotani?

Loweruka
Nesi wabwera kunyumba, wopanda yunifolomu. Akumuonetsa Esinati zokometsera ndiwo: adyo, anyezi, tomato wambiri, kandimu. Kwa ine akuti, "Tisiyire limodzi. Inu muzindilonda, ine ndizikulondani." Ndavomera msanga, poti udindo ndimaukonda. Ndazindikira atapita kuti wolonda mnzake sangabe.

Lamulungu
Kamchere kamene ndimabisa m'thumba la jekete ya kutchalitchi ndakapereka kwa Esinati. Sanadabwe n'komwe, akuti jeketeyo amachapa ndi iye. Msampha ndinatchera ndine, wakodwa ndinenso. Basi.

Lemba bwino apa, abale ako amve: tonse tikumana pano pa 6 Julaye. Mbuzi ilipo. Mbale ziwiri zikhale zopanda mchere, yanga ndi ya nesi. Mumukhazike pafupi ndi ine, ndizimuona manja.