Denga la pa Boti la Amalume

Lolemba

Mtima suli m'malo, ngakhale phala ndamwa choimirira. Sabata ino ndi yanga!

Boti ndi la a Namakhwa, amalume ake a mkazi wanga Esinati. Anandibwereka mwezi umodzi kuti aone ngati ndingalithe, ndipo mweziwo ukutha Lamulungu. Likandichoka lipita kwa mlamu wanga Yohane, ine n'kubwerera ku khasu m'munda mwa apongozi, momwe ndapinda msana zaka zisanu ndi zinayi za chikamwini. Kumeneko sindibwererako, ndanena.

Lamulo lawo ndi limodzi: "Msomali pa boti langa ayi. Chibowo ayi."

Nzeru ndi iyi. Amayi ogula matemba amadandaula dzuwa tikamawoloka Chilwa kupita kumisasa ya asodzi, ndipo pa doko lonse palibe boti la denga. Ine ndaliona pa foni, azungu ali phee pamthunzi. Ndikaika langa, amayi onse akwera kwa ine, mbiri ifika kwa amalume.

Zofunika:
- mapaipi owotcherera
- tenti ya buluu
- mphira za chubu zomangira, poti msomali ayi
- belu la njinga
- galasi la njinga yamoto
- mbedza zopachikapo majumbo

Ndayeza boti ndi chingwe. Kutalika kwa chingwe ndiko mulifupi mwake.

Lachiwiri

Pa msika wa Migowi. Fumbi, mahutala, nandolo paliponse. Wowotcherera akuyang'ana chingwe, akuyang'ana ine. "Bwana, muyezo wake ndi womwewu?" Ndi womwewu, iwe wotcherera basi.

Akuchedwa. Ndikuzungulira msika kawiri, ndikubwerera, akadali pa mwendo wachiwiri. Ndagulanso kababu ka sola komwe sikanali pa mndandanda.

Chimango chatha: miyendo inayi, mitanda itatu. Ndachimangirira pa njinga, ndikukankha mtunda wonse chifukwa kukwera sikutheka. Anthu m'njira akuvula zipewa, akuganiza kuti ndanyamula za maliro.

Lachitatu

Sichikukwana! Miyendo ikugwera m'kati mwa boti, sikufika pa matabwa a m'mbali. Chaperewera pafupifupi mkono wathunthu.

Esinati akuti, "Chingwe chija? Ndinadulako pang'ono Lolemba madzulo, ndimamanga thumba la nandolo." Pang'ono! Ndapsa mtima, koma ndikukalipira ndani pamudzi pa eni? Ndameza.

Ndikukhotetsa miyendo ndi mwala kuti itambasuke. Tsopano chimango chaima ngati mbuzi yokana kupita ku msika. Mphira ndikukulunga, ndikukoka, yaduka, yandimenya pa mlomo.

Asodzi asiya kusoka maukonde, akhala pansi kuonerera zaulere. Wina akuti, "Ndi tchalitchi kapena grosale?"

Yohane wabwera, manja kumbuyo. "Alamu, mukuvutikiranji? Tinayi tokha timisomali, angaone ndani?" Ndamuyankha kuti ine ndine munthu wosunga lamulo.

Lachinayi

Laima! Denga la buluu kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, osasiya ndi kampata komwe ka dzuwa. Belu kumanja, galasi kumanzere, mbedza zisanu ndi imodzi, kababu pakati. Ndabwerera m'mbuyo masitepe khumi kuti ndilione bwino, ndipo ndinene zoona, misozi inalengeza.

Ndiye ndikulowa kuti ndiliyese. Ndatenga nsungwi yanga yokankhira, ndikuti ndiimirire kumbuyo monga mwa masiku onse. Mutu gu! pa paipi.

Nyanja yathuyi ndi yosaya, boti timayendetsa choimirira, kuzika nsungwi m'matope n'kukankha. Aliyense amadziwa zimenezi, ngakhale ine. Azungu a pa foni aja anali ndi injini.

Zomwe ndayesa:
- chogwada: nsungwi ikugunda denga
- chokhala: boti likungozungulira pamodzimodzi
- chopendekera kunja: ndagwera m'madzi

Ndadula tenti kumbuyo ndi mpeni, ndatulutsa mutu ndi mapewa pa chibowocho. Zikutheka, koma kutsogolo sindikuona kanthu, ndikungoona buluu. Galasi likundionetsa asodzi akugubuduka ndi phwete pa doko.

Lachisanu

Mphepo. Denga likuweyeseka uku ndi uku, mphira zikutamuka, belu likulira lokha. Mawa amayi asanu alonjeza kukwera. Likawagwera pamutu?

Ndikukhala, ndikudzuka. Ndikupita kunyumba, ndikubwerera ku doko. Esinati akuti ndikumupatsa chizungulire.

Ndawonjezera mphira zina. Denga likugwederabe.

Yohane akudutsa, hamala ili m'manja, akuti akukakonza khola. Khola lake lili kumtunda, akudzera ku doko bwanji? Sindinadzifunse. "Ingobwerekani, alamu, ine sindikufulumira." Misomali inali kale m'thumba mwake, inayi ndendende.

Ndakhoma. Umodzi pa mwendo uliwonse, wautali, mpaka m'kati mwa thabwa. Mitu yake ndapaka matope. Denga lati nji! Mtima ndi umene ukugwedera tsopano.

Loweruka

Amayi asanu, mabeseni awo, majumbo pa mbedza. Akuyamikira! Wina akuti, "Koma lero takwera ndege." Ndikuliza belu popanda chifukwa.

M'kanjira ka m'bango denga likukodwa, galasi latsala pomwepo. Palibe kanthu, tikupita.

Tatulukira poyera, mphepo yalowa pansi pa tenti. Boti likuthamanga lokha! Nsungwi yazikika m'matope, yatsalira m'mbuyo, ine manja ali m'mwamba pa chibowo. Tikulowera ku Mozambiki. Amayi ayamba nyimbo ya pamaliro, wina akukuwa kuti, "Masulani chidengacho, bambo inu!"

Ndimasule chiyani? Zikanakhala mphira zokha, zikanaduka, denga n'kuuluka, ife n'kutsala bwinobwino. Koma misomali ya Yohane yagwira ntchito yake mokhulupirika. Phwaa! Denga lanyamuka pamodzi ndi thabwa lonse la kumanja.

Madzi akulowa. Tatsika tonse, afika m'chiuno. Amayi mabeseni pamutu, akuyenda m'matope kubwerera ku doko, akunditchula maina omwe sindingalembe muno. Ine ndikukoka boti ndi dzanja limodzi, denga ndi linalo.

Lamulungu

Amalume afika atatuluka m'tchalitchi, jekete ili pathupi. Sanakalipe, bola akanakalipa. Atola thabwa lija, achotsa matope ndi chala, ayang'ana misomali iwiri, apita mbali inayo, apeza iwiri inayo. Kenako aitana Yohane: "Ukonze thabwali, mawa uyambe." Yohane akuyang'ana pansi ngati wamva chisoni. Popita wandikumbutsa hamala yake.

Denga ndabwera nalo kunyumba, ndaliimika pabwalo poti ndilibe kolitaya. Pamtunda laima bwino kwambiri, silikugwedera n'komwe.

Apongozi ayala mphasa pansi pake, akusola nandolo pamthunzi, jumbo yawo ya fodya ili pa mbedza. Ine ndi iwo sitiyankhulana maso ndi maso, ndiye akuuza Esinati mokweza kuti ndimve ndili kuseri kwa nkhokwe: "Uwauze amuna akowo kuti zaka zonsezi, ichi ndiye chinthu chanzeru apanga. Ntchito ya pamtunda amaidziwa."

Aka n'koyamba kundiyamikira. Aliza belu, Esinati wabwera, amupatsa khasu langa kuti andipatsire. Aliika kale mpini watsopano.